Chikwatu cha Masamba a Msuku

Adzukulu anga, sabata yatha ndidatuma mmodzi wa inu kuti akandithyolere masamba a msuku. Ndinkafuna kumanga chikwatu cha khwanya, monga ndichitira chaka ndi chaka mvula ikamatsazika. Mwanayo adanyamuka m'mamawa, nabwera dzuwa lili paliwombo, atafumbata masamba a gwafa. Sindidamukalipire. Ali ndi zaka 14, kusukulu akukhoza bwino, Chipwitikizi amachiyankhula mosadodoma, koma msuku sadauonepo uli chilili ndi masamba ake. Masuku amawadziwa ali m'beseni, pamsika. Usiku umenewo ndidagona ndi maso, ndipo mawu ndikulembawa adayambira pamenepo.

Mlandu umenewu ndi wa ife akuluakulu. Ndife tidagwira nkhwangwa, ndifenso tidaleka kukutengani popita kutchire. Choncho musamve ngati ndikukudzudzulani. Ndikubweza ngongole.

Ndiyambe ndi chikwatucho, poti ena mwa inu mwangochimva dzina. Amayi anga ankathyola khwanya m'mawa, mame atangouma, masamba anthete okhaokha. Ankatereka mphika waukulu ndi madzi pang'ono, n'kuponyamo masambawo kuti angofwafwaza, asapse. Akaphula ankayala pamphasa, n'kumatembenuza masiku awiri kapena atatu mpaka ataumiratu, oti ukafinya m'manja afumbutuke. Umenewo ndiye mfutso. Tsono ankayala luzi la mombo pansi mopingasitsa, pamwamba pake n'kusanja masamba a msuku, tsamba ili kuphimba m'mphepete mwa linzake. Tsamba la msuku ndi lalikulu, lochindikala ngati chikopa, silibooka chisawawa. Mfutso ankauthira pakati, n'kukulunga, n'kukoka luzi lija mpaka chinthucho chitabulungira ngati dzungu. Akatero ankachipachika kudenga, pamwamba pa mafuwa, pomwe utsi umapirikitsa tizilombo.

Mwezi wa Okutobala, kunja kuli gwaa, mbuzi zikulimbirana makoko a chimanga, amayi ankatsitsa chikwatu chimodzi. Kaphikidwe kake kanali madzi, kamchere, timatimati, kenako nsinjiro, n'kutakasa. Fungo lake linkaitana ana amene ali kudambo. Taonani zimene zinkakumana mu mphika umenewo: nyemba ndi mtedza zochokera kumunda, tsamba ndi luzi zochokera kutchire. Munda ndi tchire zinkadyetsa banja limodzi, ndipo palibe ankaganiza kuti china mwa ziwirizi chingathe kukhala chokha. Lero mfutso mukuusunga m'jumbo ya pulasitiki. Ukapanda kuuma bwino umachita thukuta m'menemo, n'kuyanga nkhungu, inu n'kumati mfutso ndi ndiwo zonunkha.

Phiri la Domwe limene mumaliona mukatuluka m'nyumba ndi lalitali kupitirira mamita 2,000, ndipo ndi limene lidaitana Angoni a Maseko kuti akhazikike kuno m'zaka za m'ma 1800. Mfumu yawo Chikuse idalamulira ili konkuno. Angoniwo adabwera ndi zishango, ng'ombe ndi mkaka, koma akazi amene adawapeza ndi kuwakwatira ambiri anali Achewa, ndipo ndi amayi amenewo adaphunzitsa ana chiyankhulo chimene tikuyankhulachi pamodzi ndi ndiwo zake. Dzina lililonse la tsamba, la bowa, la chipatso lidatsika kuchokera kwa mayi kupita kwa mwana, popita kokatola nkhuni, pokatunga madzi, popalira. Palibe adalemba. Mayi wina wachizungu, Jessie Williamson, ndiye adasonkhanitsa mayina a zomera zothandiza za tsidya la Malawi m'buku lotchedwa Useful Plants of Nyasaland, limene lidatuluka mu 1955. Ndili mphunzitsi ndidaligwirapo m'manja, ndipo ndidapezamo chisoso, luni, denje, chewe, mnadzi, limanda, mayina omwewo amene amayi anga osadziwa kuwerenga ankawatchula mumdima osaphonya.

Tchire lathu linali ndi kalendala yake. Dzuwa likafika powamba, maula ankagwa okha pansi pa muula, ana n'kumalimbirana ndi mbuzi. Novembala akalowa masuku ayamba, mpaka Januwale. Osapsa tinkawakwirira m'kadzenje, kapena kuwavundika m'dengu ndi masamba, patapita masiku angapo afewa. Mvula yoyamba ikagwa, ngumbi zinkatuluka pachulu, mafulufute nawo. Pakati pa dzinja mpoza ndi nthudza, m'mphepete mwa mitsinje nyowe, ndipo pamitondo ndi pamiombo mphalabungu ndi matondo. Chilimwe chinali cha matowo, mateme ndi uchi. Zimene kuno kumtunda kozizira sizibereka bwino, monga masau, malambe ndi bwemba, zinkakwera kuchokera kuchigwa cha Zambezi, ife n'kutsitsako nyemba.

Tsopano werengani miyezi imeneyi bwinobwino. Masuku, ngumbi, bowa ndi ndiwo zomera zokha zimachuluka kuyambira Novembala mpaka Febuluwale. Ndi miyezi yomweyo imene nkhokwe imakhala itayamba kuonetsa pansi, chimanga cha m'munda chisanabereke, munthu akugwira ntchito yakalavulagaga ndi khasu. Mlengi adaika chakudya cha kutchire ndendende pa mpata umene chakudya cha kumunda chimasiya. Amene wagwetsa msuku watsegulira njala khomo la Januwale.

Izi ndikunena ndidaziona ndi maso. Mu 1986 nkhondo itafika povuta kuno ku Angónia, tidathawa usiku, ine ndili ndi mwana kumbuyo, wina kudzanja. Ufa umene ndidatapa pothawa udatha tsiku lachiwiri. Njira zodziwika tinkaziopa, choncho tidadzera m'mapiri ndi m'nkhalango, kuyenda usiku, masana kubisala. Mvula inali itangoyamba. Apongozi anga, amene anali ndi zaka zoposa zimene ndili nazo lero, ndiwo adatidyetsa. Ankayenda atawerama, maso pansi, n'kumati, “Mayi a mwana, tolani uyu, uyo musiyeni.” Masuku tinkayamwa mpaka milomo kuchita zilonda. Bowa tinkamuwotcha pamakala ochepa, m'kaphanga, kuti utsi usaoneke. Mwana wa kudzanja uja ankatsegula m'mimba, gogoyo n'kukanda khungwa la mtengo wina, kuviika, kum'mwetsa. Tidaoloka malire n'kufika kwa abale athu ku Dedza tonse tili moyo. Mwana wa kumbuyo uja ndi bambo a ena mwa inu amene mukuwerenga.

Chimene chimandipweteka n'chakuti mtengo wa khungwa uja sindidaufunse dzina. Mantha anali atandigwira, ndinkangoti ndidzafunsa tikafika. Apongozi adamwalira ku Malawi konko, ndipo dzinalo lidapita nawo kumanda.

Ku Malawi tidalipo anthu oposa 1 miliyoni othawa nkhondo. Tinkalandira ufa, nyemba kapena nandolo, mafuta ndi mchere, ndipo sindidzaiwala kuthokoza. Koma ufa ndi nyemba tsiku ndi tsiku thupi limatopa nazo, ndipo amayi amene ankadziwa chisoso ndi bonongwe ana awo ankaoneka mosiyana ndi a anzawo. Ndinenenso chilungamo: mitengo ya m'malire mwa Dedza ndi Ntcheu tidaimaliza ndi nkhuni ndi milimo ya timisasa tathu, ife pamodzi ndi eni dera. Ndidaona mapiri akumetedwa mpala m'zaka zochepa. Mtendere utasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992, tidabwerera chaka chotsatira, ndipo tidapeza chodabwitsa. Minda imene tidaisiya inali itasanduka thengo. Miombo, mitondo ndi misuku zinali zitaphuka pazitsa zakale, zina zopitirira denga la nyumba. Palibe adazibzala, palibe adazithirira. Zidangopeza mpumulo wa zaka zisanu ndi ziwiri, popanda nkhwangwa. Ife tidafika ndi njala, ndi ana, opanda mbewu yokwanira, tidaswa mphanje osasiya ndi mtengo umodzi womwe. Ndikadadziwa zimene ndikudziwa lero, ndikadasiya mitengo khumi pamunda uliwonse.

Ndikhazikike pang'ono pa bowa, chifukwa ndi pamene kulumikizana kwa zinthu kumaonekera poyera. Amayi anga ankati manyame ndi ndelema ndi ana a miombo ndi misuku. Ine ndinkayesa kayankhulidwe chabe. Nditakula ndi kuwerenga ndidapeza kuti a sayansi akunena zomwezo. Chimene timazula n'kuphika ndi chipatso chabe. Thupi lenileni la bowa ndi timaulusi toyera tokhala m'nthaka, tokulunga nsonga za mizu ya mtengo. Mtengo umapatsa timaulusito shuga amene wapanga m'masamba, ito n'kumathandiza muzu kuyamwa madzi ndi michere ya m'dothi. Ukadula mtengo, bowa wafa ndi njala. N'chifukwa chake palibe mlimi amene adalimapo manyame kapena ndelema m'dimba, ndipo n'chifukwa chake mukawafuna m'munda wa bulugamu tsiku lonse mudzabwerako lichero lili mbee. Utale, nyonzwe ndi manda ali ndi mnzawo wina: amalimidwa ndi chiswe m'kati mwa chulu. Wa mtundu umenewu wina, wopezeka kwambiri ku Zambia, chipewa chake chimatha kufika mita imodzi, ndipo palibe bowa wodyedwa woposa ameneyo padziko. Tsono amene wathira mankhwala pachulu, kapena wachigumula chonse kuti aumbe njerwa, wapha ngumbi ndi utale pa tsiku limodzi.

Pa bowa pomwepo ndikuchenjezeni, ndipo apa ndikukweza mawu. Musadye bowa amene munthu wamkulu womudziwa sadakuuzeni dzina lake ali m'manja mwanu. Ndelema ali ndi abale ake ofanana naye amene amapha. Zoti bowa akadyedwa ndi tizilombo kapena anyani ndiye kuti ndi wabwino, ndi bodza. Zoti ukamuwiritsa kawiri chiphe chimatha, ndi bodza. Wina wachiphe sapweteka nthawi yomweyo. Munthu amadya madzulo, n'kugona bwinobwino, kusanza kumadzayamba m'mawa, chiwindi chitayamba kale kuonongeka. Zikatero musataye nthawi ndi mankhwala a kunyumba, thamangirani kuchipatala, mutenge ndi bowa wotsalayo. Muchenjere koposa ndi womera m'mapaini ndi m'mabulugamu, poti mitengo imeneyi ndi yobwera, ndipo bowa wake makolo athu sadamuyese. Safunsa adadya phula, koma wa bowa amadya imfa.

Tibwere kumunda. Angónia amamutcha nkhokwe ya chigawo cha Tete, ndipo dzinali ndi loyenera. Chimanga, nyemba, soya, mbatatesi, kabichi ndi fodya zimatuluka kuno pamalole, kupita ku Tete, ku Beira, zina kudutsa pa Calomue ndi pa Biriwiri. Mukafika pa Lizulu tsiku la msika mudzaona milu ya matumba yoposa munthu. Komabe pitani kusikelo tsiku loyeza ana, muone kuchuluka kwa ana opinimbira. Kafukufuku wa zaumoyo wa dziko lonse wa 2022 mpaka 2023 adapeza kuti mwa ana 100 aliwonse osafika zaka zisanu m'Mozambique, 37 ndi opinimbira. Kuno kwathu mwana sapinimbira chifukwa chosowa nsima. Amakhuta, mimba n'kuti ndendende, koma chimene wadya dzulo, lero ndi mawa ndi nsima ya ufa woyera ndi kabichi wa madzi. Bonongwe ndi luni zili ndi mchere wa ayironi wowonjezera magazi ndiponso vitamini A wochuluka kuposa kabichi. Ngumbi ndi mphalabungu zili ndi zomanga thupi ndi mafuta ngati nyama. Zinthu zimene tidazitcha zaumphawi ndi zomwe zinkakuza ana.

Kale popalira amayi ankayenda ndi kansalu m'chiuno. Khasu linkalambalala chisoso, bonongwe, mnadzi ndi mwamunaaligone, ndipo pobwera kumunda ndiwo zamadzulo zinali zapezeka kale. Lero anyamata mwabereka mapampu kumsana, mukupopera mankhwala opha udzu munda wonse. Ndikumvetsa, aganyu adula mtengo ndipo minda yakula. Koma mankhwalawo sasankha: kwa iwo bonongwe ndi nsenjere ndi chimodzimodzi. Siyaniko ndime imodzi, ya pafupi ndi nyumba kapena ya pachulu, yopalira ndi khasu, mubzalemo maungu, khobwe ndi therere, musiye zomera zokha zimere. Ndipo kumunda kopoperedwa musalole mwana kuthyolako ndiwo.

Kunena za ndiwo zoterera, denje ndi chewe, ndikumbutse atsikana za chidulo. Phulusa la zitsononkho kapena la makoko a nyemba ankaliika m'kachibade koboola, kuthira madzi, n'kumadontheza. Soda wa kugolosale adalowa m'malo mwake, ndipo onse awiri akachuluka amapha zina mwa zabwino za m'ndiwo. Muziika wongofewetsera, ndipo ndiwo zamasamba musaziphike mpaka kuda.

Pali chakudya chimodzi cha kumtunda kuno chimene ndikuopa kuti chitha ine ndisanatsikire kulichete, ndicho buye. Anzathu a ku Dedza ndi ku Ntcheu amamudziwanso. Amabzalidwa pamizere, pansi n'kubereka timizu tangati zala za munthu, tokoma kutafuna tatiwisi, tokomanso kuphika. Safuna feteleza wambiri ngati mbatatesi, ndipo ndi mwana wa nthaka ya Africa. Mbatatesi idachokera kumapiri a Andes ku South America, chimanga chidachokera ku Mexico, chinangwa ku Brazil. Sindikunyoza alendowa, atilera. Koma eni mudzi ndi mawere, mapira, nzama, khobwe ndi buye, ndipo ndi amene tawathamangitsira kumalire a munda. Mawere amakhala m'nkhokwe zaka osafumbwa, phala lake limalimbitsa mafupa a mwana, chimera chake ndicho chimapatsa thobwa kukoma kwenikweni. Chilala cha 1992, cha 2016 ndi cha 2024 chidationetsa kuti munda wa mbewu imodzi umagwa tsiku limodzi, ndipo ntchemberezandonda zitafika cha m'ma 2017 zidalunjika pa chimanga. Chimanga cha makolo nachonso musachitaye. Cha haibulidi chimabereka zambiri chikadya feteleza, koma mbewu yake mumagula chaka ndi chaka, pomwe cha makolo n'cholimba, chimakonoleka bwino mumtondo, anankafumbwe sachilowa msanga, ndipo mbewu yake imapachikidwa pautsi kwaulere.

Chinaka ndingochitchula mwachidule. Timizu take timakumbidwa m'madambo ndi m'maudzu a kumapiri, n'kusinja, kuphika ndi nsinjiro ndi chidulo mpaka chitagwirana ngati nyama. Ku Zambia, komwe amati chikanda, msika wake wakula moti amalonda amakagula mpaka ku Tanzania ndi ku Malawi, ndipo malo ambiri chatha. Mukakumba, dikirani maluwa ayambe auma ndi kumwaza njere, ndipo musamalize dambo lonse.

Mwina mukuti izi ndi nkhani za anthu otsalira. Ndikuuzeni za dziko lina la ku Asia, Laos, la mapiri ngati lathu, la alimi ang'onoang'ono ngati ife. Kumeneko nsima yawo ndi mpunga womata, ndiwo zambiri amazitenga m'nkhalango ndi m'madzi: mphukira za nsungwi, bowa, masamba a mitengo, nsomba ndi tizilombo. Pakati pa 1995 ndi 2000 boma lawo pamodzi ndi bungwe la kafukufuku wa mpunga la IRRI adayenda midzi n'kumatolera mbewu za mpunga za makolo. Adasonkhanitsa zitsanzo zoposa 13,000, ndipo mayina amene alimi adawapatsa adapitirira 3,000. Mbewu zimenezo zidasungidwa mosamala ngati chuma cha dziko, ndipo akatswiri amatengamo popanga mitundu yatsopano. Amene adazisunga zaka mazanamazana asanabwere ophunzirawo anali agogo a m'midzi, ngati agogo anu. Inu amene mukuphunzira zaulimi ku UniZambeze ku Ulongwe, ndi inu amene mudzagwire ntchito ya kafukufuku wa zaulimi ku Ntengo Umodzi, ndani wa inu adzayenda midzi ya Domwe kulemba mitundu ya nyemba, ya mawere ndi ya buye imene ikadali m'zikwatu ndi m'miphika ya amayi okalamba?

Zimene zikumaliza mitengo mukuzidziwa kuposa ine. Makala akutsika panjinga m'bandakucha kupita kutauni. Uvuni umodzi wa njerwa umameza mitengo imene idakula zaka makumi. Zigafa za fodya zimafuna mapolo ndi mphanda. Anthu tachuluka, minda yakwera mpaka m'chiuno mwa phiri. Mnyamata wootcha makala sindimutemberera, ndikudziwa kuti akufuna sopo, feteleza ndi yunifolomu ya mwana. Ndingomufunsa kuti awerengere. Msuku ukasanduka makala umagulidwa kamodzi. Msuku woimirira umadzaza mabeseni chaka chilichonse, pansi pake n'kumera bowa, masamba ake n'kumanga zikwatu, maluwa ake n'kudyetsa njuchi. Ngati nkhwangwa iyenera kugwa, igwere bulugamu amene mudabzala nokha. M'nthawi ya Pulezidenti Armando Guebuza kudabwera mfundo yoti mfumu iliyonse ikhale ndi nkhalango, mwana wa sukulu aliyense abzale mtengo. Ambiri kuno tidabzala bulugamu ndi paini. Mitengo imeneyi ndi yothandiza pa milimo, matabwa ndi nkhuni, bola isayandikire kasupe kapena dimba, poti bulugamu amamwa madzi kwambiri. Koma ntchito yake yaikulu ikhale yoteteza miombo ndi misuku ku nkhwangwa.

Nkhani yabwino ndi ija ndidaiona mu 1993. Nkhalango yathu siifa msanga, imabisala pansi. Chitsa cha mombo, cha mtondo, cha muula, cha mlombwa chimakhala ndi mizu yamoyo zaka zambiri, ndipo chaka chilichonse chimatulutsa ziphukira zimene inu mumasadza pososa. Lekani kusadza zonse. Pachitsa chilichonse sankhani ziphukira ziwiri kapena zitatu zowongoka, zinazo mudulire nkhuni, zosiyidwazo muzitengulire nthambi za m'munsi kuti zisaphimbe mbewu. Chiphukira chimakula msanga kuposa mbande ya m'chubu chifukwa chikuyamwa ndi mizu ya mtengo waukulu. Ku Niger, dziko louma kuposa lathu kutalitali, alimi a ku Maradi adayamba njira imeneyi m'zaka za m'ma 1980 molimbikitsidwa ndi Tony Rinaudo wa ku Australia, ndipo mitengo idabwerera pa mahekitala pafupifupi 5 miliyoni. Sipadafunike ndalama, koma mpeni ndi kugwirizana.

Wofuna kubzala msuku amve izi. Njere yake siichedwa kufa, choncho mukayamwa suku lokoma, tsukani njerezo n'kufesa sabata yomweyo. Dothi la m'chubu mukatape pansi pa msuku waukulu, chifukwa m'menemo ndi momwe muli timaulusi ta bowa tija, ndipo popanda ito mbande imanyentchera. Dziwaninso kuti msuku ulipo waumuna ndi waukazi. Waumuna subereka, koma mukaudula poti ndi gojo, waukazi nawo uleka kubereka bwino. Womera kunjere umachedwa, zaka zimatha kukwana 10. Ku Makoka, kufupi ndi Zomba, akatswiri a bungwe la ICRAF adaonetsa kuti msuku umatheka kumezanitsa monga muchitira ndi mango kapena mapichesi, ndipo womezanitsa umayamba kubereka patangopita zaka zitatu kapena zinayi. Amene muli ndi dzanja lomezanitsa, yesani pa ziphukira za m'munda mwanu, kamtengo kake mukadule pa msuku umene mudzi wonse umaudziwa kutsekemera.

Ndiye moto. Anyamata okumba mbewa, mbewa ndi ndiwo, nanenso ndimadya. Koma moto wa mu Seputembala ndi Okutobala, udzu utauma kuti gwa, umapsereza ziphukira, umapha mphalabungu zimene zagona m'nthaka kudikira mvula, umathamangitsa njuchi, n'kusiya dothi lamaliseche kuti mvula yoyamba ilikokolole. Mbewa khumi sizingalipire phiri. Lambulani njira zotchinga moto kuzungulira nkhalango ya mudzi, ndipo ngati pafunika kutentha, mfumu ilamule kutentha koyambirira, mu Meyi kapena Juni, udzu ukadali ndi chinyezi. Ofula uchi, ming'oma ya matabwa ilipo tsopano. Kusenda khungwa la mombo kuzungulira thunthu ndi kupha mtengo.

Mukafuna kuona mmene dziko lino lidaliri, yang'anani kumanda. M'midzi yambiri ndi kokhako kwatsala mitengo yachilengedwe ikuluikulu, chifukwa mwambo udaletsa nkhwangwa, ndipo eni dambwe amaulondera. Gule Wamkulu adalemekezedwa ndi UNESCO mu 2005 ngati chuma cha Malawi, Mozambique ndi Zambia, koma ndi ochepa amaona kuti mwambo umenewu wasunganso mbewu za mitengo. Mbalame ndi mileme zimatenga njere kumeneko n'kukazigwetsa m'minda yanu. Lamulo limene lidasunga manda lingathenso kusunga mtsinje, kasupe ndi mbali imodzi ya phiri, mafumu ndi anthu awo akafuna. Lamulo la malo la dziko lino la 1997 limavomereza kuti mudzi uli ndi ufulu pa malo amene wakhala ukugwiritsa ntchito mwa mwambo, kuphatikizapo nkhalango ndi madambo. Inu odziwa kuwerenga Chipwitikizi, khalani pansi ndi a mfumu, muwawerengere, malire a nkhalango ya mudzi adziwike ndi kulembedwa asanabwere wina ndi pepala lake.

Atsikana ndi anyamata omwe, pakuti mimba ilibe mwamuna kapena mkazi: aliyense wa inu ali ndi gogo, azakhali kapena nkhalamba yoyandikana nayo. Mafoni muli nawo, amajambula ndi kusunga mawu. Pitani naye kutchire akadali ndi miyendo. Akatchula dzina, jambulani tsamba, khungwa ndi chipatso, mufunse mwezi wake, kaphikidwe kake, ndi chofanana nacho chimene chimapha. Musachite ngati ine, amene ndidati ndidzafunsa tikafika.

Khwanya wanga wauma, ali pamphasa, akudikira masamba. Loweruka likubwerali ndikukwera kuphiri, kutsidya kwa mtsinje, komwe kwatsala misuku ingapo yomwe ndimaidziwa. Ndinyamuka tambala wachiwiri akalira. Mwana wa masamba a gwafa uja wanena kale kuti anyamula dengu. Enanu mubwere ndi kope ndi cholembera, ndipo muvale nsapato zolimba; tiziyenda pang'onopang'ono, chifukwa tiziima pa mtengo uliwonse.